Alendo akapita, bilu imatsalira yani?

Pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe analowanso m'boma, Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo loimitsa kwa masiku 90 thandizo lomwe dziko la America limapereka kunja. Sabata isanathe, makalata anali atafika m'maofesi a mabungwe ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, onse ndi uthenga umodzi: siyani ntchito lero lomwe. Magalimoto anaimikidwa. Anamwino, alangizi, olemba za odwala m'makompyuta ndi ena ambiri anauzidwa kuti akadikire kunyumba. M'mwezi wa Malichi nduna ya zakunja ya dzikolo a Marco Rubio analengeza kuti ntchito 83 pa 100 zilizonse za bungwe lopereka thandizolo la USAID zathetsedwa, ndipo pofika pa 1 Julaye bungwelo linali litatsekedwa. Malawi, yemwe ankalandira madola oposa 350 miliyoni pachaka kuchokera ku America, anatsala ndi zipatala, masukulu ndi minda zomwe panalibe wodziwa kuti mawa lake azilipirira ndani.

Akuluakulu ambiri anailankhula nkhaniyi ngati ngozi yogwa mwadzidzidzi. Imeneyi sinali ngozi. Mu 1992 maiko othandiza anaimitsa thandizo pokakamiza boma la Kamuzu Banda kulemekeza ufulu wa anthu. Mu 2002 dziko la Denmark linatseka ofesi ya kazembe wake n'kulongedza. Mu Januwale 2008, boma la Bingu wa Mutharika litalengeza ubale ndi China, madokotala a ku Taiwan omwe ankagwira ntchito pachipatala chachikulu cha Mzuzu, chomwe dziko lawo lomwelo linamanga, ananyamuka. Mu 2011 Britain inasiya kuthira ndalama mu bajeti kazembe wake Fergus Cochrane-Dyet atathamangitsidwa. Mu 2013 nkhani ya Cashgate itaphulika, maiko othandiza anakaniza madola 150 miliyoni, pa nthawi yomwe pafupifupi 40 peresenti ya bajeti inkachokera kwa iwo. Ndipo patangotha mwezi umodzi a Trump atasaina lamulo lawo, Britain nayo inalengeza kuti ichepetsa thandizo kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti ya chuma chomwe dzikolo limapanga pachaka. Akale anati mlendo ndi mame. Dziko lomwe laona mame akukamuka kangapo konseka m'zaka 33 silingadabwenso dzuwa likatuluka.

Ntchito yachitukuko iliyonse imakhala ndi mitengo iwiri. Pali mtengo woimangira, womwe umalembedwa pachikwangwani cha m'mbali mwa msewu ndi kulengezedwa pa wailesi. Palinso mtengo woiyendetsera mwezi ndi mwezi: mafuta, malipiro, magetsi, mlonda, zitsulo zosinthira zomwe zatha. Woyambawo amalipira ndi mlendo. Wachiwiriwo kawirikawiri saulemba n'komwe, chikhalirecho ndiwo umapha ntchito. Chikalata cha pulojekiti chimakhala ndi ndime yofotokoza momwe ntchito idzapitirire thandizo likadzatha, ndipo ndimeyo imangoti anthu adzaphunzitsidwa, komiti idzasankhidwa, zonse zidzaperekedwa m'manja mwa eni dera ndi khonsolo. Nambala mulibe. Dzina la thumba lomwe ndalama idzachokere mulibe. Kupereka ntchito kwa munthu wopanda ndalama yoiyendetsera ndi kumusenzetsa katundu basi, ndipo amene amasaina mapepala oterowo, a boma ndi a mabungwe omwe, amazidziwa bwino zimenezi.

Mboni yoyamba ndi mjigo.

Pampu ya Afridev, yomwe ili pafupifupi pamjigo uliwonse m'dziko muno, inapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha. Mapangidwe ake anayambira konkuno, kuchigwa cha Livulezi ku Ntcheu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Zomwe zimatha msanga ndi tinthu tating'ono, marabala ndi timapulasitiki ta pachogwirira, tofunika kusintha kamodzi kapena kawiri pachaka. Ndondomeko ya boma imati mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, ukhale ndi komiti yake, ndipo banja lililonse lizisonkha kangachepe pamwezi. Papepala masamu ake amatheka.

Mu 2016 akatswiri a ku yunivesite ya Malawi, a British Geological Survey ndi a WaterAid anayendera mijigo 200 m'maboma asanu. Anapeza kuti 74 pa 100 iliyonse inkatulutsa madzi pa tsiku lomwe anafikapo. Atawerenga yokhayo yotulutsa madzi okwanira komanso yosafaifa, chiwerengero chinatsika kufika pa 58. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 2015, mayi Ellie Chowns, omwe lero ndi phungu wa nyumba ya malamulo ku Britain, anali atasindikiza zomwe anapeza atafufuza makomiti a mijigo m'maboma angapo a kuno: ndalama zomwe makomiti ankasunga zinali zochepetsetsa poyerekeza ndi zomwe ndondomeko imayembekezera, ndipo kusintha zipangizo mjigo usanafe kunkachitika mwa apo ndi apo.

Ena akamva zotere amathamangira kunena kuti anthu a kumudzi ndi osasamala, anazolowera zaulere. Mlandu umenewu ndi wabodza. Mayi yemwe nkhokwe yake yatha mu Januwale sangatulutse ndalama yolipirira mjigo womwe ukutulutsa madzi bwinobwino. Msungichuma wa komiti ndi mnansi, mlamu, mpongozi wa anthu omwewo. Maliro akagwa, kapena mwana akadwala usiku, sangakane kubwereketsa ndalama yomwe mudzi wonse ukudziwa kuti ili m'nyumba mwake. Ndipo ngakhale komiti yokhulupirika kwambiri, yosunga kwacha iliyonse m'chitini, inaona ndalama yake ikusungunuka pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe zipangizo za mjigo zimachokera kunja. Pamwamba pa zonsezi pali zowonongeka zomwe mudzi sungazithe ngakhale utasonkha chotani: mapaipi ogwera pansi, marodi odyeka ndi dzimbiri, chitsime chodzaza matope. Zimenezi papepala ndi za khonsolo. Koma ofesi ya zamadzi ya paboma imalandira ndalama zoyendetsera ntchito zomwe nthawi zambiri sizikwanira ndi mafuta omwe a njinga yamoto.

Ndalama ya madzi ilipo ndithu, koma imakonda mjigo watsopano. Kwa zaka zingapo bajeti inkapatula K12 miliyoni ya mijigo kudera la phungu aliyense, ndipo thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, lija amati CDF, linafika pa K200 miliyoni mu 2024. Mjigo watsopano umabwera ndi mwambo, gule, zitenje ndi chithunzi m'nyuzipepala. Kusintha rabala kulibe mwambo. N'chifukwa chake sichachilendo kuona mjigo wonyezimira utakumbidwa pafupi ndi wina wakufa womwe ukanauka ndi kachigawo kakang'ono ka ndalama yomweyo. Phungu wasangalala, bungwe lalemba mu lipoti kuti anthu 250 alandira madzi aukhondo, ndipo anthu 250 omwewo adzawerengedwanso ndi bungwe lina zaka zisanu zikubwerazi.

Komwe zinthu zasinthako ndi komwe anasiya kudalira kudzipereka kokha. Bungwe la ku France la Inter Aide ndi la kuno la BASEDA akhala akukhazikitsa amakaniki a mijigo m'maboma angapo: munthu mmodzi woyang'anira mijigo yambiri, wolipidwa ndi komiti pa mgwirizano womveka, wogula zipangizo m'magolosale a pafupi omwe eni ake amapezapo phindu. Makanikiyo amabweranso chifukwa pamenepo ndi pomwe akudyera. Wagolosale amaodanso marabala chifukwa akuyenda malonda. Njirayi sinathetse zonse, koma inavomereza choonadi chomwe mapulojekiti ambiri amachithawa, choti ntchito yokhalitsa imafuna munthu wolandira malipiro.

Nkhaniyi si ya lero. Mu 1968 anthu a ku Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba, anakumba okha ngalande n'kuyala mapaipi otsitsa madzi kuchokera kuphiri popanda injini iliyonse. Njirayi inafalikira ku Mulanje, Ntcheu, Rumphi ndi kwina, mpaka akatswiri a maiko akutali ankabwera kudzaphunzira. Mapaipi ankagula ndi maiko othandiza, thukuta linali la anthu, madzi anali aulere, ndipo kukonza zikuluzikulu kunasiyidwira boma. Kafukufuku wa mayi Elizabeth Kleemeier, wosindikizidwa mu 2000, anapeza kuti masikimu ang'onoang'ono ankayendabe, koma akuluakulu ambiri anali atafooka, mipopi yambiri itauma. Anthu anali akadali okonzeka kugwira khasu. Chomwe chinasowa ndi ndalama yogulira paipi.

Palinso mapulojekiti omwe amayesa kuyankha funso la ndalama, koma yankho lake n'kukhala la kumaloto. PlayPump inali katungwe wozungulira wopangidwa ku South Africa: ana akamasewera, madzi ankakwera mu thanki. Mu 2006 mayi Laura Bush, mkazi wa pulezidenti wa America pa nthawiyo, analengeza thandizo la madola 16.4 miliyoni, ndipo cholinga chinali mapampu 4,000 pofika 2010. Imodzi inkadya madola pafupifupi 14,000. Ndalama yokonzera inkayenera kuchokera ku makampani otsatsa malonda pa zikwangwani za pathankipo. Ndi kampani iti yomwe ikanalipira chikwangwani pakati pa mudzi wopanda msewu, kwa anthu opanda ndalama yogulira katundu wake? Zikwangwani zambiri zinakhala zopanda kanthu. Ku Mozambique ndi kuno komwe, amayi ndiwo ankazunguza katungweyo ndi manja ana ali m'kalasi, ndipo m'malo ena mijigo yabwinobwino inali itazulidwa kuti pabwere chatsopanochi. Ikawonongeka, makaniki wa m'mudzi analibe pogwira. Mu 2010 bungwe lomwe linkazifalitsa linasiya ntchitoyi n'kupereka mapampu otsala ku Water For People.

Ku ulimi wothirira nyimbo ndi yomweyi. Sikimu ya Bwanje ku Dedza, ya mahekitala 800, inamangidwa ndi ndalama za Japan ndipo inayamba ntchito cha m'ma 2000. Pasanapite zaka zambiri mtsinje wa Namikokwe unasefukira n'kuwononga ngalande yaikulu. Alimi a mpunga, aliyense ndi kachigawo kake kakang'ono, sakanatha kuikonza; boma linalibe thumba lake; Japan anachita kubweranso, kenako European Union inadzamanga damu. Masikimu akale a Likangala, Muona ndi Limphasa nawo anadikira pulojekiti ya World Bank ndi IFAD kuti akonzedwe. M'dziko muno kukonza chinthu chowonongeka kunasanduka pulojekiti yatsopano, yokhala ndi dzina lake, magalimoto ake, misonkhano yake ya kunyanja ndi maalawansi ake. Ngati ndi ngongole, ndiye kuti Amalawi akulipira kawiri chinthu chimodzi.

Ku Mwandama, m'boma la Zomba, umodzi mwa midzi ya Millennium, kunayesedwa maganizo a katswiri wa zachuma Jeffrey Sachs oti mudzi ukathiridwa zonse pakamodzi, feteleza, mbewu, masikito, chipatala, chakudya cha ana asukulu, ungatuluke mu umphawi kotheratu. Chimanga chinachuluka, nkhokwe yaikulu inamangidwa, ndipo mu Meyi 2010 mlembi wamkulu wa United Nations a Ban Ki-moon anafika kudzaona. Pulojekitiyi inatha mu 2015. Kuunika komwe kunasindikizidwa mu 2018 kunasonyeza kuti midzi ya Millennium mu Africa inapita patsogolo pa zinthu zambiri, koma inakwaniritsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zolinga zake. Chofunika kuchiyang'ana ndi mtengo wake: madola oposa 100 pa munthu aliyense pachaka. Dziko la Malawi, kuphatikiza boma, maiko othandiza ndi m'matumba mwa odwala, limagwiritsa ntchito madola pafupifupi 40 pa munthu pachaka pa zaumoyo zonse. Khonsolo ya Zomba sikanatha kulowa m'malo mwa pulojekiti yotere, ndipo aliyense wodziwa kuwerengera akanaona zimenezi tsiku loyamba.

Koma zilipo ntchito zomwe zinayamba ndi thandizo ndipo zikuyendabe alendo atapita kalekale. Yodziwika kwambiri ili pakhonde. Njira ya banki m'khonde inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo lero palibe mudzi, msika kapena mpingo m'Malawi womwe suidziwa. Bungwe linkabweretsa maphunziro, buku ndi bokosi la maloko atatu. Silinkaikamo tambala. Ndalama yomwe ili m'bokosimo ndi masheya a mamembala, chiwongoladzanja chimabwerera kwa iwo omwe, ndipo kumapeto kwa chaka amagawana n'kuyambiranso. Magulu ambiri omwe alipo lero sanaphunzitsidwe ndi bungwe lililonse. Anaonera kwa anzawo. Mavuto alipo, ena amathawa ndi ngongole, ena alandidwa ziwiya, koma palibe gulu lomwe linagwa chifukwa cha lamulo losainidwa ku Washington. Mayi yemweyo amene amanenedwa kuti ndi wosasamala pa komiti ya mjigo ndiye amene amafika pa nthawi yake ku banki m'khonde, n'kulipira chindapusa akachedwa. Chasiyana ndi chakuti kubokosi amaona komwe ndalama yake yapita ndi tsiku lomwe idzabwerere.

M'matauni, makiyosiki a madzi anadutsa njira yomweyo. Ku Lilongwe makiyosiki ambiri a m'madera monga Chinsapo, Mtandire ndi Kauma ankayendetsedwa ndi makomiti kapena anthu amphamvu pa ndale. Ndalama zinkatoleredwa koma osafika ku Lilongwe Water Board, ngongole zinakula, madzi n'kudulidwa. Kuyambira mu 2006, mothandizidwa ndi WaterAid, kunakhazikitsidwa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, okhala ndi ogulitsa olembedwa ntchito, akaunti ya kubanki ndi mabuku ounikidwa. Mabilu anayamba kulipidwa, ngongole zakale zinayamba kubwezedwa, mipopi inatsegulidwa. Ku Blantyre zofananazi zinachitika ku Nkolokoti ndi Kachere. Pali chobaya mtima chimodzi chomwe sichiyenera kubisidwa: kwa nthawi yaitali wotunga pa kiyosiki wakhala akulipira zambiri pa ndowa kuposa wokhala ndi mpopi m'nyumba. Chimenecho n'chofunika kukonza pa mitengo, koma sichichotsa phunziro la momwe makiyosikiwo anaukira.

Alimi a nzimbe a Phata ku Chikwawa, omwe anayamba kopaletivi yawo mu 2011, analandira thandizo la European Union komanso ngongole ya AgDevCo. Analemba kampani ya akatswiri kuti iziyendetsa munda, ali ndi msika wotsimikizika ku fakitale ya Illovo ku Nchalo, ndipo asanagawane phindu amayamba achotsa zoyendetsera ntchito ndi zobweza ngongole. NASFAM, bungwe la alimi, inabadwa mu 1997 kuchokera mu pulojekiti ya USAID, ndipo ngakhale imalandirabe thandizo pa ntchito zina, mpunga wake wa Kilombero ndi mtedza zili m'mashelefu a masitolo pomwe USAID yomweyo kulibenso. Bungwe losamalira phiri la Mulanje linapatsidwa madola oposa 5 miliyoni kudzera ku World Bank kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, osati oti adyedwe m'zaka zisanu, koma oti asungidwe n'kumagwiritsa ntchito phindu lake. TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, imayenda ndi msonkho wa 1 peresenti pa malipiro omwe olemba ntchito amapereka. Ntchito zonsezi n'zosiyana, zina zili ndi zofooka zake zazikulu, koma iliyonse mukaifunsa kuti ndalama ya mwezi wamawa ichokera kuti, ili ndi yankho lokhala ndi dzina.

Apa pali msampha womwe uyenera kupewedwa. Mawu oti kudziimira paokha akhoza kusanduka chikwapu chokwapulira osauka. Pali ntchito zomwe sizidzadzilipirira zokha mpaka kalekale, ndipo siziyenera kutero. Amalawi pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo mankhwala otalikitsa moyo omwe amalandira amagulidwa pafupifupi onse ndi ndalama zakunja, makamaka za Global Fund. Munthu womwa ma ARV sangauzidwe kuti asonkhe. Agogo olera ana amasiye, omwe amalandira Mtukula Pakhomo, sangauzidwe kuti ayambe geni yolipirira Mtukula Pakhomo. Katemera wa mwana sagulitsidwa. Ntchito zoterezi zili ndi thumba limodzi lokha lodalirika, ndilo la misonkho.

Ndipo apa ndi pomwe boma lili ndi mlandu waukulu. Mtukula Pakhomo anayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo pofika 2018 anali atafika m'maboma onse 28. Kwa zaka zambiri boma lakhala likulipira boma limodzi lokha, la Thyolo. Ena onse ndi Germany, European Union, Ireland ndi World Bank. Andale a zipani zonse amaimirira pansanja kudzitamandira ndi ndondomekoyi ngati yawo. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. M'zaka zambiri zaposachedwa Malawi sanafikepo, ndipo ndalama zoposa theka za zaumoyo zakhala zikuchokera kunja. Zimbabwe, dziko lomwe chuma chake chaona zoopsa kuposa za kuno, linakhazikitsa msonkho wa Edzi wa 3 peresenti pamwamba pa msonkho wa malipiro ndi wa makampani kuyambira mu 2000. Sukwanira zonse, ndipo unasungunukapo pa nthawi yomwe ndalama ya dzikolo inagwa, koma ndi thumba lawolawo lomwe palibe mlendo angalitseke.

Yankho lomwe limabwera nthawi zonse ndi loti Malawi ndi wosauka. N'zoona. M'mabajeti a zaka zaposachedwa, pafupifupi kwacha imodzi pa makwacha anayi alionse yakhala ikupita ku chiwongoladzanja cha ngongole zokha. Palibe munthu woganiza bwino amene anganene kuti boma lingalowe m'malo mwa maiko othandiza chaka chamawa. Koma umphawi ndiwo ukuyenera kulichititsa dziko kusankha mosamala. Wosauka ndiye woyenera kufunsitsa asanalandire galimoto yaulere, chifukwa mafuta ndi matayala adzagula ndi iye. Dziko lomwe silingathe kusamala mijigo yomwe ilipo, zipatala zomwe zilipo ndi ngalande zomwe zilipo likamalandira zina zatsopano popanda kuwerengera, likudziwonjezera ngongole yomwe sinalembedwe m'buku lililonse. Ndipo umphawi sungafotokoze mabiliyoni a Cashgate, kapena K6.2 biliyoni ya Covid-19 yomwe kafukufuku wa 2021 anapeza kuti mbali yake inathera m'maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata malamulo. Nzika yomwe yawerenga nkhani zimenezi ikamakayikira msonkho watsopano, ili ndi chifukwa. Mageti olipiritsa a pa Chingeni ndi Kalinyeke, omwe anatsegulidwa mu 2021 ndi 2022, anasonyeza kuti Amalawi amalipira. Anasonyezanso kuti amakwiya akalipira n'kugwera m'dzenje atangodutsa pageti. Thumba lililonse latsopano liyenera kutchingidwa ndi lamulo ndi kuunikidwa poyera, apo ayi lidzafa imfa ya chitini cha komiti ya mjigo.

Maiko othandiza ndi mabungwe awo nawo sangasambe m'manja. Akhala akulipira anamwino ndi alangizi kudzera m'njira zawozawo, kunja kwa mndandanda wa antchito a boma, kotero kuti tsiku lomwe ndalama yaima anthuwo alibe kolowera. Akhala akukonda mapulojekiti a zaka zitatu kapena zisanu pa mavuto a zaka makumi atatu. Akhala akuwerenga chipambano pa zomwe zamangidwa tsiku lotseka, osabweranso patapita zaka zisanu kudzaona chomwe chatsala. Ndipo bungwe lomwe antchito ake amadya pulojekiti ikakhalapo silifulumira kudzichotsa ntchito. Njira ina ilipo, ndipo imadziwika: Gavi, bungwe lothandiza maiko ndi katemera, imafuna kuti dziko lolandira katemera liziikapo yake, masenti 20 a dola pa katemera mmodzi kwa maiko osaukitsitsa, ndipo gawolo limakwera chuma chikamakwera. Ndalamayo ndi yochepa, koma imatsegula mzere mu bajeti kuyambira chaka choyamba, ndipo mzere womwe ulipo kale savuta kuukulitsa.

Zoyenera kuchita sizifuna msonkhano wina wa ku Mangochi. Bungwe lililonse lisanayambe ntchito m'boma limakaonekera ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma pa khonsolo, ija amati DEC. Komiti imeneyi ili ndi mphamvu yofunsa kuti ntchitoyi idzadya ndalama zingati pachaka ikadzatha, adzalipira ndani, ndipo wolipirayo wasaina pati. Ngati yankho ndi loti anthu adzasonkha, pakhale masamu osonyeza kuti angathe, ndi malire a zomwe sangathe. Ngati ndi msika, paoneke mgwirizano ndi wogula. Ngati ndi boma, unduna wa zachuma ulembe kalata, ndipo gawo la boma liyambe kuoneka mu bajeti pulojekiti ili mkati, lizikwera chaka ndi chaka pomwe la mlendo likutsika. Pulojekiti yopanda mayankho amenewa ibwezedwe, ngakhale itabwera ndi magalimoto khumi. NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe, yomwe imalandira malipoti awo chaka chilichonse, iyambe kufunsa za ntchito zomwe zinatsekedwa zaka zitatu kapena zisanu zapitazo. Ndipo aphungu, omwe amamenyera kuti CDF ikwere bajeti iliyonse, avomere lamulo loti gawo lodziwika la thumbali lizipita kukonza zomwe zilipo asanakumbe china chatsopano.

Poyambira sipakusowa. Pulojekiti yothandizidwa ndi boma la Scotland, motsogozedwa ndi yunivesite ya Strathclyde pamodzi ndi antchito a boma, inayendera ndi kulemba malo otungira madzi oposa 100,000 m'dziko lonse lino, n'kuika pa intaneti pomwe alili, mtundu wa pampu ndi momwe inkagwirira ntchito pa tsikulo. Khonsolo iliyonse ingathe kutulutsa mndandanda wa mijigo yakufa ya m'dera la phungu aliyense, n'kuwerengera mtengo woiutsira. Koma mndandandawo nawo ukukalamba, chifukwa mijigo ikufa ndi kukumbidwa tsiku ndi tsiku, ndipo woti aziyenda n'kumaukonza amafuna foni, mayunitsi, mafuta ndi malipiro. Bajeti yomwe nduna ya zachuma idzawerenge m'nyumba ya malamulo ikubwerayi iyenera kukhala ndi mzere umenewu, pamodzi ndi wa marabala, wa ngalande za Bwanje ndi wa boma lachiwiri la Mtukula Pakhomo.